Bowo Pachipumi cha Kaisara

Ginés analowa m'shopu mwanga Lachitatu,
mphepo ya padoko la Cartagena ikumukankha kumsana.
Moni asanapereke anayamba watsokomola,
chifuwa chija cha anthu a kumigodi ya La Unión
chomveka ngati fosholo ikupala mwala.
Kenaka anamasula kampango patebulo:
kandalama ka siliva, kukula ngati chikhadabo,
kakuda m'mphepete, kopindika pang'ono.

"Mundikonzere chovala m'khosi, mayi Fuensanta.
Mdzukulu wanga Noelia akukwatiwa mwezi wamawa."

Ndinakaika pansi pa galasi.
Dinari. Ambiri adutsa m'manja mwangamu.
Mutu wa Kaisara wina, nkhata ya masamba ili neng'a,
mphuno inatha ndi zala za anthu,
dzina linafufutika, kwatsala zilembo zitatu
zosaitana munthu.
Kuseri kuli mkazi wamapiko, watukula chinthu
chimene nthaka inadya kalekale.

Ndinamuuza mmene ndimachitira:
ndimaizinga ndi kamkombero ka siliva watsopano,
nkhope osaikanda ngakhale pang'ono.
Alendo otsika m'sitima zikuluzikulu amakonda zotero,
amavala ufumu m'khosi
n'kukajambulitsa pamabwinja a bwalo la zisudzo.

Anapukusa mutu. "Boolani."
"Mtengo wake ugwa, bambo."
"Boolani. Pachipumi pomwepa."

Anadzikokera mpando, mpweya ukumuthawa.
"Mapiri amene ndinalowamo zaka makumi awiri
anayamba kuwaboola ndi Aroma.
Tinkakumana ndi tinjira tawo pansipo,
tothina, toti mwamuna wamapewa sangadutse.
Tsiku lina tochi yanga inagwera pa kanyale kadothi.
M'mbali mwake munali mwaye,
m'mwayemo chidindo cha chala.
Chaching'ono, mayi. Cha mwana.
Amene ankakwawa mmenemo
palibe anamudinda pa ndalama."

Ndinakhala chete, dinari ili pachikhatho,
ndikuitsata mumtima njira yonse:
mwala pamsana wa kapolo,
mwala m'ng'anjo,
mtanda woyera m'mimba mwa ngalawa,
nyundo ya ku Roma, khoo! nkhope yamera.
Malipiro a msilikali woyang'anira akapolo omwewo.
Vinyo wa usiku umodzi. Msonkho. Vinyo winanso.
Kenaka thumba lobooka,
ndi tulo ta zaka pafupifupi zikwi ziwiri
mpaka khasu la atate ake a Ginés
linaidzutsa pakati pa mitengo ya amondi.

Kaya zinayendadi choncho, sindidziwa.
Siliva sanena kwawo;
akangosungunuka waiwala phiri limene linamubala.
Mwina uyu anachokera kutsidya lina la nyanja,
kumene ana ena ankakwawa m'tinjira tina.
Ndinamuuza zimenezo.
Anati, "Ndiye mwatsutsa chiyani?"

Ndinaipana. Ndinasankha kaboolero kochepetsetsa.
Dzanja langa, lozolowera kusisita mafumu,
linayamba lanjenjemera,
koma chipumi chinali chofewa modabwitsa.
Kunatuluka kauzi kopotana, kambee,
koyera ngati kakumbidwa m'mawa womwewo.
Mdima wonse uja unali pakhungu pokha.

Tizidutswato ndinatisesera pakapepala.
Ginés anapinda kanayi n'kuika m'thumba la malaya, chakumtima.
"Izi ndibweza kuphiri," anatero. "Chiwongoladzanja ayi,
koma ngongole ikayamba kubwezedwa, yayamba."

Unyolo sanalole kuti ndigulitse wa m'kabati.
Anatulutsa wa malemu mkazi wake, wothothoka loko,
ndinaulumikiza osawerengera.

Ndisanakulunge ndinaikweza kuzenera
kuti ndione ngati bowo lasalala.
Dzuwa la masana linadutsa m'mutu mwa Kaisara
n'kukagwera pakhungu lokakala la dzanja la Ginés:
kadontho kamodzi, kakugwedera,
ngati nyale ya munthu amene akadali kutali mumgodi
koma akubwera.

Anakayang'ana nthawi yaitali.
Kenaka anatsokomola, nafunsa mtengo.